Orca si nsomba, sadya anthu, ndipo Shire sangakwere: yankho kwa aphunzitsi a ku Thyolo

Funso: Ndine mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale ina yoyendera cha ku Luchenza. Ana anga a Fomu 3 anaona pa Facebook kanema wa chinyama chakuda ndi choyera chikupha shaki ku South Africa, ndipo mkangano wake sunathe mpaka lero. Ena akuti ndi nsomba, ena akuti ndi nangumi. Mnyamata wina akuchita kulumbira kuti chimadya anthu komanso chikhoza kukwera mtsinje wa Shire. Chandizunguza mutu ine n'chakuti ndinamva kuti nyamayi ikufunika kutetezedwa. Chinthu chopha shaki chingaope ndani? Ndithandizeni ndikawayankhe zoona.

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Ana amene akuti ndi nangumi ayandikira, koma nawonso sanalase penipeni. Nyama munaionayo ndi orca, dzina lake la sayansi ndi Orcinus orca, ndipo ndiyo yaikulu kuposa zonse m'banja la madolofini. Dzina la Chingerezi lakuti killer whale ndilo limasokoneza anthu. Linachokera kwa amalinyero akale amene ankaiona ikupha anangumi, ndiye tanthauzo lake lenileni ndi "wakupha anangumi". Anthu sakutchulidwamo.

Za nsomba zija zithetseni ndi chambo chimodzi pa tebulo. Mchira wa chambo ndi woimirira ndipo umakupiza cham'mbali, uku ndi uku. Mchira wa orca ndi wogona chafulati ndipo umamenya madzi chokweza ndi chotsitsa, chifukwa msana wake umapindika ngati wa galu kapena mbuzi ikamathamanga. Chambo chimatenga mpweya m'madzi momwemo. Orca ali ndi mapapo, amayenera kutulukira pamwamba kukapuma kudzera pa bowo limodzi la pamutu, ndipo akakodwa mu ukonde pansi pa madzi amafa chifukwa chobanika monga tingafere ife. Magazi ake ndi ofunda, amabereka mwana wamoyo, amayamwitsa. Mukasenda chipsepse chake cha m'mbali mupezamo mafupa a mkono ndi a zala zisanu, ndondomeko yofanana ndi dzanja la mwana wanu wa Fomu 3. Popeza kupuma kwake n'kochita kufuna, sangagone tulo tofa nato. Amagonetsa mbali imodzi ya ubongo, inayo ili maso kuyang'anira mpweya.

Kukula kwake ana sangakumvetse ndi manambala okha, choncho tulukani nawo pabwalo ndi chingwe. Wamwamuna wamkulu amatalika mamita 6 mpaka 8 ndipo amalemera matani 6 kapena kuposa, omwe ndi matumba 120 a feteleza a makilogalamu 50. Wamkazi amakhala wa mamita 5 mpaka 7, matani 3 mpaka 4. Mwana amabadwa ali kale ndi mamita pafupifupi 2.4 ndi makilogalamu 180. Chipsepse cha pamsana cha wamwamuna chimaima njo mpaka mita 1.8, msinkhu wa bambo wamtali, pomwe cha wamkazi chimalekera theka la pamenepo ndipo ndi chopindikira kumbuyo. Apa ndi pamene mungasiyanitsire mwamuna ndi mkazi pa chithunzi. Banga loyera la kumutu lija si diso ayi. Diso lenileni ndi laling'ono, lili kutsogolo ndi m'munsi pang'ono mwa bangalo, pakuda. Mano alipo 40 mpaka 56, osongoka, olowana ngati zala za manja awiri opingasa. Ntchito yake ndi kugwira ndi kung'amba, satafunira, ndipo likatha latha, silimeranso.

M'madzi akuya maso sathandiza kwenikweni, ndiye orca amasaka ndi makutu ngati mleme. M'njira ya mpweya, m'munsi mwa bowo lopumira, muli timinofu timene timatulutsa kaphokoso kakuti tetete. Phokosolo limadutsa m'thumba la mafuta la pachipumi limene limaliwongola ngati kuwala kwa tochi. Likagunda nsomba limabwerera, n'kulowera m'mafuta a m'chibwano cha m'munsi mpaka kukhutu. Mwa njira imeneyi amadziwa kutalika kwa mtunda, kukula kwa nsombayo ndi kumene ikulowera. Musaiwale mfundo imeneyi, tiifunanso tikafika pa za sitima.

Tsono mnyamata wa Shire uja. Orca amapezeka m'nyanja zonse zamchere za dziko lapansi, koma amachuluka kozizira: ku Antarctica, Norway, Iceland, Alaska ndi kugombe la kumadzulo kwa Canada. M'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar amaoneka mwa apo ndi apo. Njira ya madzi yochokera kwanu kukafika kumeneko ilipodi: Ruo amatsika m'phiri la Mulanje, amathira mu Shire pa Chiromo, Shire amathira mu Zambezi, Zambezi n'kukatsirira m'nyanja ya Indian cha ku Chinde. Koma orca si nyama ya madzi opanda mchere. Nthawi zina amalowa pakamwa pa mtsinje waukulu pothamangitsa chakudya, koma akakhalitsa khungu lake limayamba zilonda, ndipo Shire alibe kuya kapena chakudya chomukwanira. Imene imakweradi Zambezi ndi shaki ina yotchedwa bull shark, imene ku South Africa amaitcha Zambezi shark pa chifukwa chomwechi. Mwina ndi pamene mnyamatayo anasakanizira nkhani. M'nyanja ya Malawi mulibe orca, dolofini kapena nangumi.

Zodya anthu nazo muuzeni motsimikiza: palibe umboni wotsimikizika wakuti orca wa m'nyanja anaphapo munthu. Mu 1972 ku California wina analuma mwendo wa munthu wosewera pa mafunde, n'kumusiya pomwepo. Anthu anayi amene anaphedwa ndi orca anaphedwa ndi zoweta, zotsekeredwa m'malo oonetsera alendo, ndipo pa imfa zitatu mwa zinayizo panali orca mmodzi, Tilikum, amene anagwidwa ku Iceland ali mwana. Kuyambira mu 2020 kagulu kena ka kugombe la Spain ndi Portugal kakhala kakugunda ndi kuthyola ziwongolero za maboti a matanga, mpaka maboti angapo anamira. Koma anthu akatsikira m'tibwato topulumukira, ma orcawo sawalabadira. Akatswiri ambiri amaona kuti ndi masewera amene anayamba ndi ochepa, ena n'kutengera.

Funso labwino kuposa lakuti "kodi amadya anthu" ndi lakuti "bwanji sadya anthu, chikhalirecho angathe". Yankho lake ndilo mtima wa nkhani yonse ya nyamayi, ndipo likuyankhaninso funso lanu la chitetezo. Orca amadya chimene anaphunzitsidwa ndi amake, basi.

Zimenezi zinadziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene katswiri wa ku Canada, Michael Bigg, anaona kuti orca aliyense angazindikirike payekha. Chipsepse cha pamsana chimakhala ndi mabala ndi mipata yakeyake, ndipo kuseri kwake kuli banga lotuwa lokhala ngati chishalo, losiyana pa nyama iliyonse. Ankajambula mbali ya kumanzere, n'kupereka chilembo cha banja ndi nambala ya nyamayo. Atawerenga motere anapeza kuti ma orca a ku British Columbia, kugombe la kumadzulo kwa Canada, anali mazana ochepa chabe, pomwe anthu ankayesa alipo masauzande. Anapezanso chodabwitsa china. M'madzi amodzimodziwo munali mitundu yosiyana. Wina, umene anautcha resident, umadya nsomba zokha, makamaka salimoni. Wina, wotchedwa transient, kapena masiku ano Bigg's pomulemekeza, umadya nyama zoyamwitsa: ma seal, omwe tingawafanizire ndi akatumbu akuluakulu a m'nyanja, madolofini ndi ana a anangumi. Wachitatu umakhala kutali ndi gombe ndipo umadya mashaki kwambiri, mpaka mano a achikulire ake amaperepeseka kufika m'nkhama chifukwa khungu la shaki ndi lokhakhala ngati sandipepala. Mitundu imeneyi imadutsana panjira koma sikwatirana, sidyera pamodzi, kulira kwake n'kosiyana. Odya nsomba amasaka akusokosera, chifukwa salimoni samva bwino phokoso lawo. Odya ma seal amayenda chete, atatu kapena asanu, chifukwa seal ali ndi makutu akuthwa.

Kukakamira kwake pa chakudya n'koopsa. Mu 1970 ma orca ena odya nyama anagwidwa ku Canada n'kumapatsidwa nsomba. Atatu mwa iwo anakana kudya kwa masiku opitirira 70, mmodzi mpaka anafa, nsomba zili pakamwa pake. Kwa iye nsomba sichinali chakudya. Munthunso sali pa mndandanda umene mayi aliyense wa orca anaphunzitsapo mwana wake.

Dera lililonse lili ndi luso lake losakira, ndipo luso limeneli limachita kuphunziridwa. Ku Antarctica, seal akagona pa chigulumwa cha madzi oundana choyandama, ma orca amayamba atukula mitu kumusuzumira. Kenako amabwerera patali pang'ono, n'kufola mzere phewa ndi phewa, n'kusambira mothamanga molunjika chigulumwacho. Atatsala pang'ono kufika amamira onse pamodzi akukupiza michira nthawi imodzi, ndipo funde limene amadzutsa limakwera pa chigulumwa n'kumukokolola seal uja kugwera m'madzi. Funde likachepa amabwerezanso. Chigulumwa chikakula amayamba achiswa. Ku Punta Norte, ku Argentina, ochepa amadziponya dala pamchenga kukagwira ana a ma sea lion, abale ake a ma seal, m'mphepete mwa madzi, kenako n'kudzigwedeza mpaka funde lotsatira liwabwezere. Kulakwitsa pang'ono ndi imfa, chifukwa thupi la matani angapo likakhala pamtunda limadzipsinja lokha ndi kutenthedwa, ndiye ana amayeserera kwa zaka ali pambali pa akuluakulu. Ku Norway amazungulira nsomba za herring mpaka ziunjikane ngati mpira, n'kuzimenya ndi mchira kuti zikomoke, n'kumatola imodziimodzi. Kumadzulo kwa Australia, mu 2019, gulu lina linaonedwa likupha blue whale, nyama yaikulu kuposa zonse padziko.

Kanema wa ana anuyo ayenera kuti ndi wa ma orca awiri aamuna otchuka ku South Africa, Port ndi Starboard. Mayinawo ndi mawu a amalinyero otanthauza kumanzere ndi kumanja kwa sitima, chifukwa chipsepse cha wina chinagwera kumanzere, cha mnzake kumanja. Mu 2017 mashaki asanu a mtundu wa great white anapezeka atafa kugombe la Gansbaai, ambiri mwa iwo alibe chiwindi, thupi lonse lili bwinobwino. Kachitidwe kake ndi aka: shaki ukaitembenuza chagada imauma thupi ngati yakomoka. Orca amaigwira chipsepse cha pachifuwa, n'kung'amba khungu pamenepo, chiwindi n'kutuluka. Chiwindi cha shaki n'chachikulu kwambiri, chodzaza mafuta, ndiye akatenga chimenecho zotsalazo alibe nazo ntchito. Mu June 2023 ku Mossel Bay, Starboard anapha yekha shaki ya mamita 2.5 m'mphindi zosakwana ziwiri. Mashaki ambiri anathawa m'madera amenewo, ndipo anthu amene ankapeza ndalama poonetsa alendo mashaki analira nazo.

Tibwere kubanja, pamene inu a ku Thyolo ndi Mulanje muli ndi mwayi womvetsa msanga kuposa ana a kwina. Banja la orca ndi mbumba. Pakati pali gogo wamkazi, ana ake aakazi ndi aamuna, ndi zidzukulu zobadwa kwa ana aakaziwo. Mwa odya nsomba aja, mwana sachoka kwa amake moyo wake wonse, kaya ndi wamkazi kaya wamwamuna. Kusiyana kwake ndi kwathu kuno n'kwakuti kulibe chikamwini. Mwamuna amakumana ndi mkazi wa banja lina pamene mabanja asonkhana, zikatha amabwerera kwa amake, mwana n'kukulira kuchikazi. Ndiye amuna akuluakulu a zipsepse zazitali amene mumawaona m'gulu si abambo a anawo, ndi amalume ndi achimwene awo. Banja lililonse lili ndi kaliridwe kake, ndipo mabanja apachibale amafanana mawu ena, monga Mlomwe wa ku Phalombe amvanirana ndi wa ku Thyolo ngakhale pena asiyane katchulidwe. Katswiri wozolowera amatha kutchula banja pongomvera pa chipangizo chomvetsera pansi pa madzi, nyamazo asanazione.

Wamkazi amabereka koyamba ali ndi zaka pafupifupi 15. Bere limatenga miyezi 15 mpaka 18, amabereka mmodzi, amayamwitsa chaka kapena ziwiri, ndipo pamapita zaka pafupifupi zisanu asanaberekenso. Akafika zaka za m'ma 40 amasiya kubereka, koma amatha kukhalabe ndi moyo mpaka zaka 80 kapena kuposa. Amuna ambiri amathera m'zaka za m'ma 30, ochepa amafika 50 kapena 60. Kusiya kubereka uli ndi zaka zambiri kutsogolo n'kosowa kwambiri m'chilengedwe. Kupatula anthu, kumadziwika bwino mwa mitundu yowerengeka ya anangumi a mano, ndipo orca ndi umodzi mwa iyo.

Nanga gogo wosabereka ali ndi phindu lanji? Kawerengedwe ka zaka zoposa 40 ka ku Canada ndi America kanayankha. Agogo aakazi ndiwo amatsogolera gulu posaka, makamaka chaka chimene salimoni wasowa, chifukwa ndiwo amakumbukira kumene nsomba zinapezeka pa njala yapita. Paja galu wamkota sakandira pachabe. Amagwira nsomba, kuiduladula, n'kugawira ana, makamaka aamuna, ngakhale mwanayo ali chimphona cha matani 5. Kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti mwamuna wa zaka zoposa 30 amake okalamba akamwalira, mpata woti nayenso afe m'chaka chotsatira umakwera pafupifupi ka 14. Zidzukulu nazo zimafa kwambiri gogo akachoka. Ana anu akafuna kuseka kuti orca wamwamuna ndi mwana wa mayi, asekedi, n'zoona.

Tsopano funso lanu lenileni, aphunzitsi. M'nyanja orca alibe mdani. Padziko lonse alipo osachepera 50,000, ndipo bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, silinamuike m'gulu lililonse la ngozi. Linalemba kuti umboni sunakwane, makamaka chifukwa n'kutheka kuti si mtundu umodzi. Koma nambala ya 50,000 imanamiza. Popeza magulu sakwatirana ndipo sasinthana chakudya, gulu likatha palibe lina lodzalowa m'malo mwake ndi luso lomwelo. Kagulu ka ku Spain ndi Portugal kaja kali ndi nyama makumi ochepa chabe, kamadalira nsomba ya bluefin tuna, ndipo IUCN yomweyo inakaika pa ngozi yaikulu kwambiri mu 2019.

Chitsanzo chophunzitsira bwino ndi gulu la Southern Resident, la m'madzi a pakati pa mizinda ya Seattle ku America ndi Vancouver ku Canada, lokhala ndi mabanja atatu, J, K ndi L. Lakhala likuwerengedwa mmodzimmodzi chaka chilichonse kuyambira 1976, ntchito imene anaiyambitsa Ken Balcomb. Bala loyamba linali kugwidwa: kuyambira m'ma 1960 mpaka 1976 makumi angapo, makamaka ana, anatengedwa kukagulitsidwa kumalo oonetsera, ena n'kufera m'maukonde. Mmodzi wogwidwa ku Penn Cove mu 1970, Tokitae, anakhala m'damu laling'ono ku Miami mpaka anafa mu August 2023. Gululi linakwerako kufika 98 mu 1995, kenako linayamba kutsika. America inalilemba kuti lili pangozi mu 2005, ndipo m'zaka zaposachedwa lakhala pa 70 ndi kakuti.

Chimene chikuwamaliza ndi njala, ndipo zina ziwiri zimangoikulitsa. Amadalira salimoni wamkulu wotchedwa Chinook, amene amakulira m'nyanja koma amakwera mitsinje kukaswa. Madamu a magetsi anatseka njira, mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje inadulidwa, matope anakwirira miyala yoikirapo mazira, asodzi anatenga zikuluzikulu. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndi ya mpasa, imene imakwera mtsinje wa Bua ndi ina kukaswa ndipo yachepa pa zifukwa zofananazo. Orca wamkulu amafuna makilogalamu oposa 100 a chakudya patsiku. M'madzi momwemo ma seal ndi ambirimbiri, ndipo odya nyama aja akunenepa ndi kuchulukana, koma a Southern Resident sangakhudze seal. Ofufuza anagwiritsa ntchito agalu ophunzitsidwa kununkhiza ndowe za orca zoyandama ali pa boti, n'kupima ndowezo, ndipo anapeza kuti pakati pa 2008 ndi 2014 mimba pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse zinapita padera, makamaka chifukwa cha kuperewera kwa chakudya. Mu 2018 wamkazi wina wa nambala J35, wotchedwa Tahlequah, mwana wake atafa patangopita kanthawi chibadwire, anamunyamula pamutu masiku 17, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,600. Mwana akatsetsereka ankamira kukamutenga. Chakumapeto kwa 2024 anatayanso wina, ndipo kumayambiriro kwa 2025 anaonedwa akuchita chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi phokoso. Nyama yosaka ndi makutu, injini ya sitima ikamalira pafupi imakhala ngati munthu wofuna singano mu utsi. Imafuula kwambiri kuti imvane ndi anzake, imasiya kusaka, ndipo aakazi ndiwo amasiya msanga. N'chifukwa chake sitima zazikulu zimapemphedwa kuchepetsa liwiro zikamadutsa kumeneko, ndipo boma la chigawo cha Washington ku America linalamula kuti kuyambira January 2025 maboti azikhala kutali ndi gululi mamita pafupifupi 900.

Chachitatu ndi poizoni, ndipo apa ndi pofunika choko ndi bolodi. Pali mankhwala otchedwa PCB amene ankaikidwa m'mafuta a mathiransifoma, m'penti ndi m'zipangizo zina zamagetsi. Mayiko ambiri anawaletsa m'ma 1970 ndi m'ma 1980, koma saola, ndipo sasungunuka m'madzi, amakonda mafuta. Tizilombo tating'ono ta m'nyanja timatenga pang'ono. Kansomba kamadya tizilombo masauzande n'kusunga poizoni yense. Nsomba yaikulu imadya tinsomba mazana, seal amadya nsomba zazikulu, orca n'kudya ma seal kwa zaka makumi. Pa sitepe iliyonse poizoni amaunjikana, ndipo wokhala pamwamba ndiye amalandira katundu yense. Kupanda mdani komweko ndiko kumamupweteka. PCB amakhala m'mafuta a pansi pa khungu, ochindikala masentimita 7 mpaka 10. Nyama ikakhuta amangokhala phee. Njala ikafika thupi limayamba kudya mafuta ake, poizoni n'kulowa m'magazi, kufooketsa chitetezo cha m'thupi ndi kuwononga ubereki. Mkaka wa orca ndi wamafuta kwambiri, choncho mayi amatsanulira gawo lalikulu la poizoni wake mwa mwana, ndipo woyamba kubadwa ndiye amalandira wochuluka. Wamwamuna alibe potayira, amangounjika mpaka imfa.

Mu 2016 orca wamkazi wotchedwa Lulu anapezeka atafa pa chilumba cha Tiree ku Scotland atakodwa m'zingwe za asodzi. Atamupima anapeza mamiligalamu oposa 950 a PCB pa kilogalamu ya mafuta, pafupifupi ka 100 kuposa mlingo umene umayamba kuvulaza nyama za m'nyanja. Anali ndi zaka zosachepera 20 koma anali asanaberekepo, ndipo m'kagulu kake simunaonekepo mwana kwa zaka zoposa 20. Ku Alaska, sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta mu 1989, kagulu kotchedwa AT1 kanali ndi nyama 22. Zisanu ndi zinayi zinasowa m'chaka chotsatira, ndipo mwana womaliza wa kaguluko anabadwa mu 1984. Otsalawo akungodikira ukalamba. Nyama yobereka kamodzi pa zaka zisanu, imenenso ana ake ambiri amafa asanathe chaka, sibwerera msanga ikagwa.

Zimene zimathandizadi n'zosasangalatsa kuonera pa kanema. Kubwezera nsomba njira yawo: ku America madamu awiri a pa mtsinje wa Elwha anagumulidwa pakati pa 2011 ndi 2014, anayi a pa Klamath anamalizidwa kuchotsedwa mu 2024, ndipo salimoni anayamba kukweranso. Mkangano wa madamu anayi a kumunsi kwa mtsinje wa Snake udakalipo, chifukwa magetsi ndi ulimi nazo zili ndi eni ake. Kuweta m'damu si chitetezo, ndipo apa sindibisa maganizo anga. Nyama yoyenda makilomita oposa 100 patsiku ikatsekeredwa imatafuna simenti mpaka mano kutha, ndipo pafupifupi amuna onse oweta zipsepse zawo zimagwa, zomwe m'nyanja zimachitika mwa ochepa. Kubwezera yoweta kunyanja nakonso n'kovuta. Keiko, amene anabwezeredwa ku Iceland ndi ndalama zankhaninkhani, sanalowe m'banja lililonse, ankangofunafuna anthu mpaka anafera ku Norway mu 2003. Analibe mbumba yomuphunzitsa. Kampani ya SeaWorld, yoonetsera alendo nyama za m'nyanja ku America, inasiya kubereketsa ma orca mu 2016, ndipo Canada inaletsa kuweta anangumi ndi madolofini mu 2019.

Mwana wina adzakufunsani kuti ife a kumtunda zikutikhudza bwanji. Musamunamize kuti jumbo yotayidwa pa Luchenza ndiyo ikupha ma orca a ku Seattle. Koma PCB amayenda ndi madzi komanso ndi mpweya, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene anavomereza pangano la Stockholm la mu 2001, lofuna kuti zipangizo zokhala ndi PCB zisiye kugwiritsidwa ntchito pofika 2025, ndi kuti zotsalira zake ziwonongedwe moyenera pofika 2028. Mafuta a thiransifoma yakale akhoza kukhala nawo mankhwalawa, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Asathiridwe pansi kapena m'ngalande. Asawotchedwe, chifukwa moto wamba umawasandutsa utsi wapoizoni woipa kuposa poyamba. Asapakidwe pa matabwa poletsa chiswe, ndipo asayandikire chiwaya chokazingira tchipisi. Mvula ikagwa, chothiridwa pansi ku Thyolo chimatsikira mu Thuchila ndi Ruo, n'kuyamba kukwera makwerero aja kuyambira pa tizilombo, ndipo wodya mlamba wa pa Chiromo amafikiridwa kale nyama ya ku nyanja ya Indian isanalawe.

Pa phunziro lenilenilo, sindikizani zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za zipsepse za ma orca odziwika, zimapezeka pa intaneti pamodzi ndi manambala awo, chilichonse kawiri koma chojambulidwa tsiku losiyana. Zisakanizeni, ana aziphatikize poyang'ana mipata ya m'mphepete mwa chipsepse ndi maonekedwe a banga lotuwa lija. Onetsetsani kuti zonse ndi za mbali imodzi, chifukwa banga la kumanzere silifanana ndi la kumanja pa nyama yomweyo, ndipo mukasakaniza mbali ana adzawerenga nyama khumi pamene pali zisanu.